Mkamwini pa Denga la Apongozi

Pa anthu onse okonza mawailesi ndi mafoni mu msika wa Lilongwe, Nasoni Kamphinda yekha ndiye akanatha kukuuzani kuti kuwala kwa dzuwa kumayenda mphindi zisanu ndi zitatu kuti kudzakuwotcheni pa liwombo. Sikuti anaziphunzira m'kalasi ayi, sukulu yake inathera Folomu 4 ku Mitundu. Anamuuza ndi mkazi, ndipo zimene mwamuna wauzidwa ndi mkazi amene akumufuna saziiwala ngakhale atagwidwa malungo.

Mkaziyo anali Marcelina Zikhale wa ku Area 9, mphunzitsi wa sayansi pa koleji ina mumzindamu, amenenso ankachita maphunziro a udokotala ofufuza za dzuwa. Anafika pa benchi ya Nasoni chaka chapitacho atanyamula pepala lojambulidwa chinthu chooneka ngati minga ya nsomba, n'kufunsa ngati chingapangike ndi timapaipi ta aluminiyamu. Amisiri atatu anali atamubweza kale, wina mpaka kumufunsa ngati amuna ake akudziwa zimene akuyendera mu msika. Nasoni analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali ndithu, kenako anafunsa kuti eriyo yaikulu chonchi ikufuna kugwira siteshoni iti. Marcelina anayankha kuti ikufuna kugwira dzuwa.

Nasoni anaipanga m'masabata awiri, n'kukaikhoma pa denga la nyumba ya amayi a Marcelina. Tsiku limenelo, atatsika ali thukuta kamukamu, mtsikanayo anamupatsa madzi ozizira, natenga mphira womangira katundu pa njinga n'kuyamba kuupotokola pamaso pake. Anati pa dzuwa pali madontho akuda, ndipo pa madonthopo pamatuluka mphamvu ya maginito yoyenda m'mizere yosaoneka. Mizereyo imapotana masiku ambiri, kusunga mphamvu monga mphirawo. Tsiku lina imaduka n'kulumikizananso mwa njira ina, ndipo zonse zimene inasunga zimatuluka m'mphindi zochepa chabe. Pamenepo tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa maelekitironi timaponyedwa pa liwiro loti pa sekondi imodzi tingazungulire dziko lathuli koposa kawiri. Tikamathawa choncho timapanga phokoso la wailesi, ndipo eriyo ija ntchito yake ndi kutchera khutu.

Nasoni anafunsa kuti nanga ngati zonsezo zikudziwika, iye akufufuzanso chiyani.

“Chimene chimapatsa tizidutswato liwiro limenelo, tochuluka choncho, m'kanthawi kochepa choncho, palibe amene anachilongosola mpaka pamapeto,” anatero Marcelina. “Ine ndikufuna ndiikepo mwala wanga, ngakhale umodzi.”

Mwamuna ameneyu anali ataonapo akazi okongola, mu msika amadutsa tsiku ndi tsiku. Koma mkazi wonena kuti “palibe amene akudziwa” nkhope ikuwala ngati wauzidwa kuti wapambana mpikisano, anali asanamuonepo. Anamusirira, ndipo kusirirako sikunachedwe kusanduka chikondi chosabisika. Marcelina nayenso ankati sanaonepo munthu womvera waya ndi zala ngati mmene namwino amamvera mtsempha. Chaka chisanathe anagwirizana kuti nkhani ifike kwa akuluakulu, ndipo tsiku lofunsira mbeta linaikidwa Loweruka lachiwiri la Okutobala.

Vuto linali amayi a Marcelina, mayi Eveless Zikhale, amasiye a mkulu wina wa m'boma. Iwo ankati sanaphunzitse mwana mpaka ku yunivesite kuti adzakwatiwe ndi munthu wokhala pa benchi pafupi ndi ogulitsa tomato. Anavomera kulandira alendowo kokha chifukwa mchimwene wawo, a Frazer, amene ndiwo mwini mbumba, anati munthu samukana asanamve mawu ake. Choncho zonse zinatsamira pa Loweruka limenelo: a Frazer akagwedeza mutu movomera, ukwati ulipo, akakana, palibe.

*

Lachinayi masana pa benchi ya Nasoni panaima nsapato zonyezimira zosayenera fumbi la mu msika. Mwini wake anali Eddie, wogwira ntchito ku banki ina ku City Centre, mwana wa mnzawo wa mayi Zikhale wa ku chigwirizano cha amayi. Eddie anakhala akumufuna Marcelina kwa zaka zitatu, ndipo mayiwo ankamutcha kale “mwana wanga”. Anapereka foni n'kunena kuti ikuvuta kutchaja. Nasoni anaiyesa ndipo inkatchaja bwinobwino.

Eddie sanadabwe, poti sanabwerere foni. Anati wamva kuti Loweruka kukubwera alendo “kwathu ku Area 9”, ndipo anafunsa ngati suti yapezeka, chifukwa iye ali nazo zingapo zimene sakuzivalanso. Nasoni anathokoza, nati suti ilipo. Kenako Eddie anayamba ulangizi wosapemphedwa: akazi ophunzira amatengeka ndi zoseweretsa kwa kanthawi, zitsulo zija za pa denga n'chimodzi mwa izo, ndipo wopanga zoseweretsa asamadzione ngati mwini nyumba.

“Si zoseweretsa, achimwene,” anatero Nasoni mosakweza mawu. “Chinthu chija chimamva zochitika pa mtunda wa makilomita mamiliyoni zana ndi theka.”

“Shuwa? Nanga zimene amayi ake amanena za inu pabalaza, pansi pake pomwepo, chimamva?”

Mawu amenewo anamulowa Nasoni ngati munga wa m'phazi. Anangopukuta foni ija ndi kansalu n'kuibweza. Eddie ananyamuka akuimba kaluzu, akulambalala madzi otayidwa ndi amayi a masamba.

*

Lachisanu kunafika a Japhet kuchokera ku Mitundu. Iwowa anali mchimwene wa malemu amayi a Nasoni, mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo, ndipo pa abale onse ndiwo okha otsala amene akanatha kuima ngati nkhoswe. Anali atamangitsa maukwati khumi ndi anayi, ndipo ankanyadira kuti palibe ngakhale umodzi umene unayamba ndi manyazi.

Asanavule ndi jekete lomwe, anamukhazika Nasoni pansi m'kanyumba kake ka lendi ku Mchesi n'kuyamba mwambo. Mawa iye alibe pakamwa, pakamwa pake ndi iwo. Adzakhala panja pomwe amuonetse, osayendayenda, osasuzumira m'mawindo, foni m'thumba. Akuluakulu akamaliza zoyamba adzamuitana kuti mtsikana afunsidwe ngati akumudziwa. Adzalowe chowerama, akhale pansi osati pa mpando, maso asakumane ndi a apongozi. Ndipo chachikulu pa zonse, mutu wake usadzapezeke pamwamba pa mitu ya akuluakulu, ngakhale podutsa.

“Anthu ophunzira amatiyesa ife a kumudzi opanda kanthu,” anatero a Japhet. “Chuma chathu ndi ulemu basi. Mawa tikawaonetse.”

Nasoni anati wamva, atsibweni. Ndipo anamvadi, poti anali mnyamata womvera chibadwire.

Dzuwa likulowa foni yake inalira. Marcelina analemba kuti dontho lalikulu limene akhala akuliyang'anira sabata yonse lafika pakati penipeni pa dzuwa, mizere yake yapotana koopsa, ndipo anzake ofufuza a kunja akuti liphulika mawa kapena mkuja. Nasoni anayankha kuti aliuze lidikire kaye ankhoswe athane. Mtsikanayo anatumiza tinkhope toseka, koma uthenga wotsatira unali wopanda nthabwala. Anati wadikira miyezi khumi ndi inayi akungogwira tizophulika ting'onoting'ono, ndipo aphunzitsi ake amuuza kuti popanda chachikulu chimodzi chogwidwa ndi chipangizo chake, kafukufuku wake sayenda.

“Kuona maso a nkhono n'kudekha,” analemba Nasoni. “Eriyo ili bwino, waya ndinauyesa Lachiwiri. Iwe ukonzeke zodzanena kuti ukundidziwa.”

“Ndidzanena kuti ndakuonapo penapake mu msika,” anayankha Marcelina.

*

Loweruka kunacha kopanda kamtambo. Anafika pa geti ya ku Area 9 nthawi ili hafu teni, a Japhet patsogolo ndi mnzawo wa mumpingo wowaperekeza, Nasoni pambuyo mu suti yakuda yomuthina m'khwapa. Anawalandira ndi a Gladson, bambo wachikulire wosamalira maluwa pa nyumbapo. Akuluakulu analowa pabalaza, ndipo Nasoni anamuonetsa mpando pansi pa mtengo wa mango kumbali kwa nyumba. Galimoto ya Eddie inali kale pabwalo. Mwini wake ankatsitsa makreti a zakumwa ngati mwana wa pakhomo, napereka moni wa chala chimodzi.

Chimene Nasoni sankadziwa n'chakuti m'mawa umenewo, Marcelina atatengedwa ndi azakhali ake kukakonzetsa tsitsi, mayi Zikhale anayendera nyumba yawo ndi diso la mlendo. Anaona waya wakuda wotsika kuchokera pa denga, kudutsa pa khonde, kukalowa pa windo la chipinda cha mwana wawo, ndipo anati alendo asadzaone ngati pano ndi pa garaja. Anauzula okha ku kabokosi kolumikiza eriyo ndi kompyuta m'chipindamo, n'kuuza a Gladson kuti aukoke auponye pa denga. A Gladson anaukoka ndi mphamvu zozulira chitsa. Mayiwo sanachite izi mwa nkhanza ayi, kwa iwo waya ndi waya, ukhoza kubwezedwa Lolemba.

Nthawi itangopitirira leveni, foni inanjenjemera m'thumba la Nasoni. Anakumbukira mawu a atsibweni ake, nailekerera. Inanjenjemeranso kachiwiri, kachitatu. Anaitulutsa mobisa.

“Waya palibe. Amayi auchotsa. Kompyuta ikungoonetsa mdima. Dontho layamba kuthetheka, anzanga akuti chachikulu chili pafupi.” Uthenga wina unabwera pomwepo: “Usachite kanthu, khala pomwepo. Ndangofuna kuuza munthu amene angamve.”

Nasoni anauwerenga kawiri. Anamudziwa Marcelina mokwanira kuti aone misozi m'mawu amenewo, ngakhale sanailembe. Anayang'ana chitseko cha pabalaza, chinali chotseka. Anawerengera mumtima kuti malonje okha a a Japhet amatenga theka la ola, kufotokoza mtundu wa kwawo theka linanso. Makwerero anali pomwe anawasiya Lachiwiri, kuseri kwa thanki ya madzi. Kukwera, kutsitsa waya, kutsika: mphindi zisanu. Anthu ambiri amene analowa m'mavuto aakulu anayamba ndi kuwerengera mphindi zisanu.

Anavula nsapato kuti asachite phokoso pa malata, nazisiya patsinde pa makwerero. Atafika pamwamba anapeza waya uli mulu, nautsitsira pa windo. Dzanja la Marcelina linatuluka n'kuulandira. Patapita kanthawi uthenga unabwera kuti walumikiza koma palibe chikuoneka. Apo m'pamene anayang'ana kumutu kwa wayayo, polumikizira ku eriyo, n'kupeza kuti a Gladson anathothola kachitsulo kake. Zida analibe, munthu sapita kofunsira mbeta ndi chowotcherera mtovu m'thumba. Anasenda wayayo ndi mano, nagunditsa kamkuwa ka m'kati pamalo pake, n'kupanikiza ndi zala.

“Zabwera!” Mawu a Marcelina anamveka chapansipansi kuchokera pa windo. “Wamanga bwanji?”

“Sindinamange. Ndagwira ndi manja.”

Kenako mtsikanayo anati atsike, asadziphere tsiku lake chifukwa cha iye. Nasoni anayankha kuti wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo iye ayang'ane kompyuta yake.

*

Malata a mwezi wa Okutobala masana sasewera. Masokosi a Nasoni anali opyapyala, lina lobooka pa chidendene, ndiye ankasinthanitsa mapazi, kuponda ili, kunyamula ilo. Iye ankaganiza kuti akuchita mwakachetechete. Koma eriyo ija inakhomedwa pamwamba penipeni pa balaza.

M'katimo zinthu zinali zikuyenda bwino kuposa mmene aliyense anayembekezera. A Japhet anayankhula mwaluso, osathamanga, osadzichepetsa mopitirira. Anati abwera kudzapempha malo m'khola la a Zikhale, ndipo tambala wawo si wa nthenga zowala koma ndi wodziwa kupalasa. A Frazer, amene anapuma ntchito ya uphunzitsi, anaseka n'kunena kuti mawu otere anawamva kalekale. Ngakhale mayi Zikhale nkhope inayamba kumasuka. Kenako kudenga kunamveka gu, patapita kanthawi gu, ngati munthu akusinja mwaulesi. A Frazer anayang'ana kumwamba, mayiwo nati mwina ndi akhwangwala. A Japhet anapitiriza.

Itakwana nthawi, a Frazer anati mnyamatayo alowe ndipo mtsikana aitanidwe. A Gladson anabwerako n'kunena kuti pa mpando palibe munthu. Azakhali anabwerako n'kunena kuti m'chipinda chimene anamusiya mtsikana mulibe munthu. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa a Japhet.

Eddie anali ataona zonse kuyambira pachiyambi, ali chiimire pa galimoto yake, ndipo anasunga nkhaniyo monga munthu amasungira nyama yomalizira pa mbale. Tsopano anagogoda, nalowa mwaulemu wonse, chowerama, atanyamula nsapato ziwiri zakuda. Anaziika pakati pa balaza pamaso pa akuluakulu.

“Pepani madala, alendo aja ndawapeza mbali imodzi,” anatero. “Mbali inayo ili pamwamba panupa.”

Kudenga kunamvekanso gu.

*

Mphindi zomwezo, ili 11:42, kompyuta ya Marcelina inasintha. Pa mdima uja panagwa mzere wowala wotsetsereka kuchokera pamwamba kupita pansi, kenako wina, kenako khumi motsatizana, mpaka galasi lonse linayaka chikasu ndi kufiira. Mzere uliwonse unali khamu la maelekitironi likuthawa pa dzuwa, phokoso lake likutsika mawu pamene likutalikira. Anaimirira, nakhalanso, naimiriranso. Zimene anaziwerenga m'mabuku zaka zisanu ndi ziwiri zinali kuchitika m'chipinda chake, kudzera m'zala za munthu wake.

Sanaganize za chitenje chatsopano kapena tsitsi la ku saluni. Anajambula galasilo ndi foni, natulukira khomo la kukhitchini, nakwera makwerero mpaka mutu ndi mapewa zinatulukira pa denga. Anamupeza Nasoni atagwada bondo limodzi, suti itanyowa, manja ali pa waya, nkhope atakwinya ndi ululu wa mapazi. Anamuonetsa foniyo.

Nasoni sankadziwa kuwerenga mizere imeneyo, koma nkhope ya Marcelina ankaidziwa. Anafunsa ngati n'chachikulu. Mtsikanayo anati n'chachikulu kuposa chimene ankapempha kwa Mulungu, ndipo chinachitika mphindi zisanu ndi zitatu zapitazo, iwo akungochilandira kumene. Anati asasiye, chikadapitirira. Kenako ananena mawu amene anali asanawanenepo masana poyera, kuti amamukonda ndipo sadzapezanso wina wotere. Nasoni anayang'ana kumwamba mwa kanthawi, maso atatsinzina. Dzuwa linkangooneka monga limaonekera masiku onse, ndipo iye anachita mantha ndi kusirira pamodzi poganiza kuti pa Lilongwe yense ndi anthu awiri okha amene ankadziwa zimene zachitika kumeneko.

“Nasoni.”

Mawuwo anachokera pansi, ndipo sanali okweza. Pabwalo panali pataima a Japhet, a Frazer, mayi Zikhale, azakhali, mkulu wa mpingo uja, a Gladson, ndi Eddie kumbuyo atapinda manja. Onse anali atakweza nkhope, manja pa zipumi kutchinga dzuwa, kuyang'ana mkamwini amene anauzidwa dzulo lomwe kuti mutu wake usapitirire mitu ya akuluakulu. Iye anali atawapondaponda pamutu kwa theka la ola, chidendene chili pamtunda. Mbeta imene inkafunsiridwa inali pa makwerero, chitenje chitakwera mpaka m'maondo.

“Tsika,” anatero a Japhet.

Apa m'pamene Nasoni analakwitsa kachiwiri, ndipo kulakwa kumeneku kunaposa koyamba. Anayang'ana Marcelina, nayang'ana waya, n'kuyankha atsibweni ake pamaso pa apongozi kuti, “Ndikupempha mphindi zitatu, atsibweni. Chisanathe.”

Mayi Zikhale anagwira pakamwa. A Frazer anatembenuka n'kulowa m'nyumba. A Japhet anavula chipewa, nachiyang'ana m'kati ngati muli yankho, kenako anauyamba ulendo wa ku geti. Zakudya zimene zinaphikidwa kuyambira m'mamawa palibe mlendo anazilawa.

*

Mu minibasi yobwerera ku Mchesi a Japhet sanayankhule. Kunyumba sanayankhulenso, ndipo Nasoni akanakonda kutukwanidwa kusiyana ndi chete ameneyo. Mnyamatayo anaika mapazi ake otupa m'beseni la madzi, akudziuza kuti sakunong'oneza bondo, komabe manyazi a mkulu uja ankamupweteka kuposa matuza. Foni ya Marcelina inali yotseka. Anamva kwa a Gladson kuti amayi ake amulanda, ngati kamwana ka sukulu, ndipo m'nyumbamo munali kulira.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, a Japhet anapita ku msika n'kugula tambala woyera, nakwera minibasi okha. Anabwerako dzuwa litapendeka, opanda tambala, n'kukhala pa mpando mwa munthu wotopa ndi katundu wolemera.

Anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo iwo apita kukazima umene Nasoni anayatsa. Agwada pamaso pa anthu amene ena ndi ana kwa iwo, chinthu chimene sanachitepo pa maukwati khumi ndi anayi. A Frazer ndi munthu womva, anavomereza kuti mlongo wawo ndiye anayamba kuzula waya, ndiponso anati mnyamata wopsa mapazi chifukwa cha ntchito ya mkazi si mnyamata woipa. Koma mayi Zikhale anati chipongwe chachitikira pa denga lawo, anthu a mumpingo amva kale, ndipo chitsulo chimenecho ndicho chasokoneza mwana wawo mpaka kukwera makwerero pamaso pa alendo. Akuti alendo akhoza kubweranso, koma chitsulocho chiyambe chatsika, chisadzakwerenso pa nyumba iliyonse imene mwana wawo adzakhalemo. Ndipo achitsitse ndi yemwe anachikweza, Loweruka likudzali, pamaso pawo. Zikapanda kutero, a kwawo kwa Eddie apempha kale tsiku.

Nasoni anati zimenezo sangachite, ndipo akakambe nawonso.

“Palibe chokakamba. Ndavomera kale.”

“Mwavomera osandifunsa, atsibweni?”

“Ndinakuuza kuti pakamwa pako ndi ine. Nkhoswe ikanena, wanena ndi iwe. Ukafuna kundisandutsa wabodza kachiwiri pa khomo lomwelo, upeze wina wokuimira, ndipo ukudziwa kuti palibe.”

A Japhet anakwera minibasi ya ku Mitundu m'mawa wa Lolemba, atasiya mawu oti abweranso Lachisanu.

*

Lolemba lomwelo masana Marcelina anatulukira pa benchi, akupuma mothamanga, maso otupa koma akuwala. Za kunyumba anangoti amayi sakumuyankhula, koma zipola, amalume a Frazer ali mbali yawo. Zimene a Japhet anakagwirizana palibe amene anali atamuuza. Anatulutsa pepala m'chikwama n'kuliyala pakati pa mawailesi omasula. Chinali chithunzi cha mizere ija, chosindikizidwa mwa mitundu, ndipo pansi pake panalembedwa mayina awiri, lake ndi la N. Kamphinda.

Anayankhula mosapumira. Aphunzitsi ake sanakhulupirire kuyera kwa zimene anagwira. Chipangizo cha anzake cha m'dziko loyandikana nalo chinali chowonongeka tsiku limenelo, ndiye m'chigawo chino chonse chithunzi chake ndicho chokha. M'mizeremo muli timipata tobwerezabwereza, ngati kuti mphamvu ija sinatuluke kamodzi koma modukizadukiza, ndipo mwina pamenepo ndi pomwe pali mwala wake uja. Koma chimodzi sichikwanira. Dontholo lizungulira kuseri kwa dzuwa sabata ino, lidzatulukiranso pakatha masabata awiri, ndipo eriyo iyenera kukhala ikumvetsera tsiku lililonse mpaka mvula itagwa. Anapempha kuti Nasoni apeze kachitsulo kolimba, kosathothoka ngakhale a Gladson atakoka ndi ng'ombe.

Nasoni ankamuyang'ana, ndipo sanamusirirepo ngati mmene anamusirira nthawi imeneyo. Akanatha kunyamula nkhaniyo yekha mpaka Lachisanu, koma kumunamiza munthu ameneyu kunamukanika. Anamuuza zonse, kuyambira tambala woyera mpaka tsiku limene a kwawo kwa Eddie apempha.

Marcelina anamvetsera osamudula. Wogulitsa mabatire wa benchi yoyandikana anatsitsa wailesi yake kuti amve bwino.

“Amalume ako avomera,” anatero pomaliza. “Nanga iwe?”

“Ndikakana, ndakutaya. Ndilibe nkhoswe ina, Marce.”

“Ukavomera?”

Nasoni anangoyang'ana dzina lake pa pepala lija. Mtsikanayo anadikira, anadikirabe, mpaka anaona kuti yankho silibwera. Anapinda pepalalo kanayi mosamala, nalibwezera m'chikwama.

“Chabwino,” anatero motsitsa. “Ubwere Loweruka ndi sipanala yako. Udzandipeza ndakhala pa dengapo, pafupi ndi eriyo. Udzayambe wanditsitsa ine, amayi akuonerera.”

Anatembenuka n'kulowa m'chikhamu cha anthu a mu msika osacheuka. Nasoni anafuna kumuthamangira, koma mapazi a matuza aja anamukaniza atangoponda kawiri.